Lowetsani dzanja m'thumba: phunziro la chimanga cha chuku



Mu Sahih Muslim muli nkhani yomwe ena mwa ophunzira athu anaimva kale m'kalasi pomwe tinkakambirana za malamulo a malonda. Swahaba Abu Huraira (Allah asangalale naye) akusimba kuti tsiku lina Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anadutsa pa munthu yemwe ankagulitsa mulu wa chakudya. Pamwamba pa muluwo panali pouma bwinobwino. Mtumiki analowetsa dzanja m'kati, ndipo zala zake zinakhudza chinyezi. Atamufunsa, wogulitsayo anayankha kuti chakudyacho chinanyowa ndi mvula. Mtumiki anamufunsanso chifukwa chomwe sanaikire chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, kenako anamuuza mosapita m'mbali kuti munthu wachinyengo sali m'gulu lake.

Hadith imeneyi timakonda kuiwerenga ngati nkhani ya ndalama basi: chakudya chonyowa chimalemera pa sikelo, wogula amalipira madzi, ndipo sichichedwa kuonongeka. Zonsezo ndi zoona. Koma lero tikudziwa chinanso chomwe chimachitika m'kati mwa mulu wonyowa, ndipo chimatikhudza tonse amene timadya nsima kawiri patsiku kuno ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Chinyezi chimabala chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni yemwe sachoka ngakhale nsima ipse chotani.

Poizoni wosaoneka

Chuku tonse timachidziwa. Tinachionapo pa buledi wogona, pa mtedza wothyoka, pa chisononkho cha chimanga chomwe chinagwa pansi m'munda. Ndi chamoyo chaching'ono kwambiri cha m'gulu la bowa, ndipo mbewu zake zili m'dothi ndi mumpweya nthawi zonse. Zikapeza chinyezi, kutentha ndi njere yong'ambika, zimamera. Pa chimanga pali mitundu iwiri yomwe imadetsa nkhawa kwambiri. Wina ndi Aspergillus flavus, wobiriwira mopita ku chikasu, womwe umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Wina ndi Fusarium, wooneka moyererako kapena mofiirira, womwe umayambira m'munda momwe ndipo umatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin.

Dziko linadziwa za aflatoxin mu 1960, pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Fumonisin anatulukiridwa mu 1988 ndi akatswiri a ku South Africa omwe ankafufuza chimanga cha ku Transkei, dera lomwe anthu ake amadya chimanga monga ife ndipo khansa ya kummero ndi yochuluka.

Kuti timvetse kuopsa kwake, tiyeni tiwerengetsere. Dziko la America limaletsa chakudya cha anthu chomwe chili ndi aflatoxin woposa magawo 20 pa magawo biliyoni imodzi, ndipo mayiko a ku Ulaya amakhwimitsa kuposa pamenepo, mpaka magawo 4 pa zakudya zambiri zopita pakamwa mwachindunji. Ophunzira a masamu achulukitse okha: mulingo wa ku America uja ukutanthauza miligalamu imodzi yokha m'thumba lonse la makilogalamu 50. Kanthu kochepa ngati kanjere ka shuga. Ndiye mfundo yoti "ndapukuta chuku chija, chimangachi chayera" ilibe mphamvu. Chuku chingachoke, poizoni n'kutsala m'kati mwa njere. Alibe fungo lakelake, alibe mtundu womwe diso lingaone mu ufa, ndipo moto wa pa mbaula sumutha. Madzi a nsima amawira pa madigiri pafupifupi 100, pomwe aflatoxin amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 kuti ayambe kuonongeka.

Akachuluka kwambiri m'chakudya amapha m'masiku ochepa. Mu 2004 kum'mawa kwa dziko la Kenya, makamaka ku Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira. Kunali chilala, kenako mvula inagwa nthawi yokolola, anthu anasunga chimanga chisanaume. Odwala ankasanza, maso ankachita chikasu, mimba ndi miyendo zinkatupa, chiwindi n'kusiya kugwira ntchito. Mu 2016 zangati zomwezi zinachitika ku Tanzania m'chigawo cha Dodoma ndi madera oyandikana nacho, komwe anthu pafupifupi 20 anataya moyo. Ndipo mu August 2024 nduna ya zaumoyo ya ku Zambia, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya chakudya cha chimanga choipa, ndipo mwa zitsanzo 25 zomwe anatenga m'makampani ogaya ufa, pafupifupi theka zinapezeka ndi aflatoxin wopyola muyezo. Chaka chimenecho ndi chomwe chilala cha El Niño chinakantha Zambia ndi Malawi limodzi, mpaka boma lathu linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Chimanga chomwe chavutika ndi ng'amba m'munda, kapena chomwe mbozi za ntchemberezandonda zaboola, chuku chimachilowa mosavuta.

Komabe imfa zadzidzidzi zoterezi si zomwe zikutidetsa nkhawa kwambiri ife. Chomwe chili pakhomo pathu ndi kudya pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, popanda wodwala mooneka. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo khansa yake ndi ya chiwindi. Munthu yemwe ali kale ndi kachilombo ka Hepatitis B m'thupi, chiopsezo chake chingathe kuwirikiza mpaka ka 30 poyerekeza ndi yemwe alibe. Apa makolo amvetsetse bwino. Katemera wa Hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana kuno ku Malawi mu 2002, kotero ophunzira athu omwe anapita nawo ku sikelo mokwanira anamulandira. Ambiri a ife makolo tinabadwa kale kwambiri, sitinamulandire. Kukayezetsa magazi n'kwanzeru, ndipo azaumoyo ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila angatiuze koyenera kupita.

Za fumonisin tinene mosamala. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Zoyambitsa zomwe akatswiri amatchula ndi zingapo, monga fodya, mowa, utsi wa nkhuni, kumwa zinthu zotentha kwambiri, ndipo fumonisin ali pa mndandanda wa zoganiziridwa. Bungwe lija linamuika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Kwa anthu odya chimanga m'mawa, masana ndi madzulo, mawu oti "mwina" ndi okwanira kutichenjeza.

Ndiye pali ana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osaposa zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, koma kafukufuku wa ku Benin ndi Togo anaonetsa kuti ana omwe anali ndi aflatoxin wambiri m'magazi ndi omwenso anali opinimbira kwambiri, ndipo poizoniyo ankakwera mwana akangoyamba kudya phala. Taganizirani phala la mwana wathu: ufa wa mgaiwa, nsinjiro. Zonse ziwiri ndi zakudya zabwino zomwe achipatala amalimbikitsa, ndipo zonse ziwiri ndi zomwe chuku chimakonda. Nsinjiro ndi chiponde zikapangidwa ndi mtedza wotsalira posankha, wofota, wothyoka ndi wakuda uja, ndiye kuti kamwana ka makilogalamu 8 kakulandira gawo loipitsitsa la thumba lonse. Amene amakhala kufupi ndi msika wa mtedza wa ku Mgona amadziwa kuti mtedza wabwino umasankhidwa n'kukwera galimoto kupita kunja. Tidzifunse komwe wotsalawo umathera.

Halaal ndi twayyib

Asilamu timasamala kwambiri za nyama. Timafunsa amene wazinga, timayang'ana chidindo cha halaal pa paketi, ena sitidya n'komwe pa malo omwe tikukayika mafuta ake. Zimenezi n'zoyamikika. Koma ndime 168 ya Surat Al-Baqarah, polamula anthu za chakudya, imatchula zinthu ziwiri pamodzi: chikhale halaal, chikhalenso twayyib. Omasulira Qur'an amati twayyib ndi chinthu chabwino, choyera, chosavulaza thupi kapena nzeru. Chimanga ndi halaal, palibe sheikh yemwe angatsutse. Koma chimanga chowola si twayyib, ndipo ma ulama amagwirizana kuti chinthu chololedwa chikatsimikizika kuti chikupereka vuto m'thupi, kuchidya kapena kudyetsa ena kumaletsedwa molingana ndi kukula kwa vutolo. Lamulo la fiqh loti vuto liyenera kuchotsedwa ndi limodzi mwa malamulo asanu akuluakulu omwe ophunzira a Fomu 3 analoweza. Likugwira ntchito pa thumba la chimanga monga momwe ligwirira pa china chilichonse.

Tikudziwa kuti ena mwa makolo a pa sukulu ino ndi ogulitsa chimanga ndi ufa, ndipo tikulankhula nawo mwaulemu, popeza malonda awo ndi omwe amalipira fizi. M'miyezi ya April ndi May alimi a ku Mitundu, Nsundwe, Dowa ndi Mchinji amafuna ndalama mwachangu, amagulitsa chimanga chisanaume, ndipo wogula wochenjera amapindula pa mtengo. Kugula si tchimo. Tchimo limayamba pomwe chimangacho chasokeredwa m'matumba chili chinyowere, n'kuunjikidwa m'chipinda chopanda mpweya. Limakula pomwe chowola chaikidwa pansi pa ndowa, choyera pamwamba. Limafika pachimake pomwe chowola chija chapita ku chigayo kuti chisanduke ufa wa m'timapepala ta walkman, poti ufa suulula komwe wachokera. Wogula walkman ndi mayi yemwe lero wapeza ndalama ya chakudya cha usiku umodzi wokha. Alibe mwayi wolowetsa dzanja m'thumba. Mu fiqh muli khiyaarul aib, ufulu wa wogula wobweza katundu yemwe wapezeka ndi chilema chobisika, koma mayi uyu adzabweza chiyani? Nsima inadyedwa, ndipo chilema chidzaoneka patapita zaka, m'chiwindi cha munthu. Pamene wogula sangathe kudziteteza, udindo wonse umatsamira pa wogulitsa.

Zomwe manja athu angathe

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti poizoniyu safalikira mofanana m'thumba lonse. Amaunjikana m'njere zochepa: zothyoka, zofota, zosintha mtundu, zobooledwa ndi anankafumbwe. Pulofesa Limbikani Matumba, Mmalawi yemwe anagwirapo ntchito ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze pa msewu wa ku Mchinji ndipo amaphunzitsa ku LUANAR, wakhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri. Pa kafukufuku yemwe iye ndi anzake anasindikiza mu 2015, anayerekeza njira zitatu: kusankha ndi manja, kutsuka n'kutaya zoyandama, ndi kukonola. Kusankha ndi manja ndiko kunapambana, kunachotsa poizoni woposa magawo 90 pa 100 aliwonse. Kutsuka pakokha ndiko kunathandiza pang'ono kuposa zonse. Kafukufuku wake wam'mbuyomo anaonetsanso kuti njira ya agogo athu yopangira ufa woyera, kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku awiri kapena atatu, kutaya madzi ake n'kuyanika, imachepetsa aflatoxin kwambiri.

Ndiye kodi tisiye mgaiwa? Ife sitikutero. Mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zomwe ufa woyera umataya, ndipo thumba la mgaiwa limakhalitsa pakhomo. Koma popeza mgaiwa umagayidwa ndi khungu lomwe, umafuna chimanga chosankhidwa bwino kuposa ufa wina uliwonse. Chimanga chokayikitsa chipite kokonola, chabwino ndicho chipite ku mgaiwa ndi ku phala la mwana. Madeya a chimanga chokayikitsa ndi komwe poizoni wambiri wathawira, kotero asasakanizidwe mu ufa. Ngakhale kudyetsa ziweto kuli ndi polekezera, chifukwa ng'ombe ikadya chakudya cha aflatoxin, gawo lina limatulukira mu mkaka. Chimera cha thobwa nachonso chimamera m'chinyezi masiku angapo, choncho amayi omwe amatikonzera thobwa pa nikah ndi pa Eid ayambe ndi mbewu yoyera, achiyanike mpaka chiume gwa.

Kusankha ndi ntchito yotopetsa, ndipo m'nyumba zambiri imagwera mayi yekha kapena mwana wamkazi. Anyamata a pa sukulu ino, lichero silisankha dzanja. Mtumiki wathu ankathandiza ntchito za pakhomo pake, monga momwe mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye) anafotokozera. Ndowa imodzi, anthu anayi atazungulira mphasa ikatha swala ya Asr, imatha dzuwa lisanalowe.

Pogula chimanga chosunga, lumani njere: youma imathetheka, yonyowa imafwanyika. Njira ina ndi ya botolo. Tengani botolo lagalasi louma, thirani chimanga osadzaza, onjezerani masupuni awiri a mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa, pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Alangizi amati chinyezi chitsike kufika pa magawo 13 pa 100. Matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma chimanga chilowemo chitauma kale. Ndipo m'nyumba zathu za lendi, momwe chipinda chimodzi ndi chogona, chophikira ndi chosungira katundu, thumba lisakhale pa simenti kapena kutsamira khoma. Njerwa zinayi ndi matabwa awiri n'zokwanira. Yang'ananinso malata a pamwamba pake mvula ya November isanayambe.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi ili: kodi kutaya chimanga si israaf? Tinaleredwa kuti kutaya chakudya ndi kusayamika, ndipo ena amaonjezera kuti m'mimba ndi m'chipala. Israaf ndi kuononga chinthu chothandiza. Njere yowola yasiya kukhala chakudya, ndipo kuikwirira kapena kuiotcha ndi kuchotsa vuto panjira ya anthu. Chomwe sitingachite ndi kuigulitsa kwa otcheza kachasu, ngakhale amabwera okha kudzaifuna ndi ndalama m'manja. Kumeneko ndi kuthandizira tchimo, komwe ndime yachiwiri ya Surat Al-Maidah imaletsa.

Kwa akomiti ya mzikiti

Zaka zino mwezi wa Ramadhan ukugwera mu February ndi March. Iyi ndi miyezi ya njala, ndiponso ya mvula. Chimanga chomwe chimapezeka nthawiyi ndi cha chaka chatha, chakhala m'matumba miyezi isanu ndi inayi kapena khumi, chapuma chinyezi cha dzinja lonse. Ndicho chomwe anthu adzabwere nacho ngati Zakaatul Fitr, ndichonso chidzaphikidwe pa futari ya pa mzikiti.

Imam Tirmidhi analemba nkhani ya chomwe chinachititsa kuti ndime 267 ya Surat Al-Baqarah itsike. Anthu a ku Madina ankabweretsa mikoko ya tende n'kuipachika mu mzikiti kuti osauka a pa Suffa azidya. Ena ankabweretsa tende woipa ndi wofota. Ndimeyo inatsika kudzaletsa kusankha choipa kuti ndicho chikhale chopereka, chinthu chomwe mwiniwake atapatsidwa sangachilandire mokondwa. Mabuku a fiqh a madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, amanena momveka kuti mbewu yofumbwa kapena yachilema siikwanira pa Zakaatul Fitr. Munthu yemwe wapereka swaa' ya chimanga chowola, makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu aja, udindo wake sunachoke.

Pempho lathu kwa akomiti ndi lakuti olandira zakaat azitsegula thumba lililonse pamaso pa mwini wake, alowetse dzanja mpaka pansi, monga anachitira Mtumiki. Tikudziwa kuti n'zochititsa manyazi kubweza chopereka cha munthu wamkulu yemwe mumaswali naye pa mzere woyamba. Njira yochepetsera manyaziwo ndi kulengeza pa Jumu'ah milungu iwiri Ramadhan isanathe kuti matumba onse adzatsegulidwa, aliyense adziwiretu. Chipinda chosungiramo chionedwenso: denga, matabwa a pansi, mawindo. Ndipo chimanga cha phala la ana a madrasa chisankhidwe chisanapite ku chigayo, ngakhale chitakhala chochokera kwa wopereka wolemekezeka chotani.

Patsala funso lovuta, ndipo sitilizemba. Nanga banja lomwe lili ndi chimanga chokayikitsa chokhacho, mu February, ndalama palibe? Kuwauza kuti atayiretu chonse n'kulankhula ngati munthu wokhuta. Shariah imazindikira dharura, kukakamizika, koma imatinso dharura imayezedwa ndi mulingo wake. Banja lotere lisankhe mosanyengerera ngakhale ndowa ichepe, likonole, liviike, litaye madzi ndi madeya. Chomwe chachita chuku chooneka, chonunkha, cholumikizana m'mabuma, chisadyedwe ngakhale pang'ono, pakuti chimenecho ndi chomwe chinapha anthu ku Makueni. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera apatsidwe gawo loyera kwambiri, ndipo pomwe mbatata, chinangwa kapena maungu zapezeka, zipumitseko nsima. Wina m'nyumba akayamba kusanza, maso n'kuchita chikasu, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo awauze madokotala za chimangacho. Kwa ife oyandikana nawo, banja lotere ndi lomwe liyenera kukhala pamwamba pa mndandanda wa zakaat, ndipo komiti singalidziwe ngati sitikalitchula.

Ntchito ya ophunzira a Fomu 1 mpaka Fomu 4 ndi iyi. Pa phunziro lathu loyamba la sabata ya mawa, in shaa Allah, aliyense abwere ndi kapu imodzi ya chimanga kapena mtedza wa kunyumba, atapempha kaye kwa makolo, wotapidwa pansi pa thumba osati pamwamba. Musalembe dzina pa pepala lokulungira, sitikufuna kuchititsa manyazi nyumba ya wina aliyense. Tidzathira pa tebulo, tidzasankha, tidzawerenga njere zoipa pa njere 100 zilizonse, ndipo aphunzitsi a Biology ndi Agriculture avomera kudzakhala nafe. Amene angathe abweretsenso botolo lagalasi louma ndi mchere pang'ono.